Udindo Woyamba wa Umanijala: Zimene Mkazi Wachilatino Angachite pa Kampani ya ku United States

Pa makampani akuluakulu a ku United States, palibe gulu limene limachepa msanga pokwera maudindo ngati akazi achilatino, amene iwo eni kapena makolo awo anachokera ku Mexico, Puerto Rico, Cuba, El Salvador, Colombia ndi mayiko ena a ku Latin America. Lipoti limene bungwe la LeanIn.Org linatulutsa mu 2024 linasonyeza kuti akazi amenewa alipo pafupifupi 9 pa anthu 100 alionse m'dzikomo. Pa antchito ongoyamba kumene m'makampani alipo pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo pagulu la akuluakulu oyendetsa kampani yonse amatsala mmodzi yekha pa 100.

Ambiri akamva zimenezi amayang'ana kumwamba, ku ofesi ya mkulu wa kampani. Koma pamene akaziwa amatsalira ndi pansi penipeni, pa udindo woyamba wa umanijala. Lipoti lomwelo linati amuna 100 akakwezedwa kuchoka pa ntchito yoyambira n'kukhala mamanijala, akazi achilatino okwezedwa amakhala 74 okha. Amene wachedwa pamenepa zaka ziwiri kapena zitatu amachedwanso pa udindo uliwonse wotsatira, chifukwa madairekitala amasankhidwa pakati pa mamanijala, ndipo akuluakulu a kampani amasankhidwa pakati pa madairekitala. Mlandu si wa mkaziyo, ndipo oyenera kukonza zimenezi ndi makampani. Komabe amene ali pa desiki lero sangadikire kuti kampani isinthe mtima. Malangizo awa ndi a iyeyo. Kukwezedwa kumagamulidwa m'chipinda chimene inu simulowamo, ndiye chofunika n'chakuti olowamowo akhale ndi zogwirika zoti anene za inu.

Dziwani tsiku limene nkhani yanu imakambidwa

Makampani ambiri akuluakulu amaunika antchito kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo ndondomeko yake imafanana. Wantchito amalemba yekha zimene wachita, manijala wake n'kumupatsa malikisi. Kenako mamanijala a dipatimenti yonse amakhala pansi ndi mkulu wawo komanso munthu wa ku HR (ofesi yoona za antchito), n'kumayerekezera antchito mmodzimmodzi pamsonkhano umene amautcha calibration. Munthu mmodzi amakambidwa mphindi zochepa chabe. Maudindo otseguka amakhala ochepa kuposa anthu oyenera, ndipo bajeti ya malipiro imakhala itatsekedwa kale. Manijala amene wabwera ndi umboni ndi amene munthu wake amadutsa.

Cholakwika chofala ndi kupempha kukwezedwa pa tsiku limene manijala akukuuzani zotsatira. Pofika tsikulo nkhani inatha kale masabata angapo m'mbuyomo. Yambani kutatsala miyezi 6 mpaka 9 kuti msonkhanowo uchitike. Pemphani mphindi 30 zapadera kwa manijala wanu, zosasakaniza ndi nkhani za ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo mufunse mafunso awa. Kodi mayina a oti akwezedwe amaperekedwa mwezi uti? Amakhala m'chipindamo ndani? Kodi pali chikalata chofotokoza zimene munthu wa giredi yotsatira ayenera kumachita? Nanga pa zimene zalembedwamo, ndi ziti zimene simunandionepo ndikuchita? Funso lomalizali ndilo lofunika kwambiri, chifukwa limamukakamiza manijala kutchula zinthu ziwiri kapena zitatu zenizeni m'malo mongoti "pitirizani momwemo." Tsiku lomwelo mutumizireni imelo yaifupi yobwereza zimene mwagwirizana, ndipo muziibwerera limodzi miyezi iwiri iliyonse. Mamanijala amasamuka, ndipo lonjezo lapakamwa limapita nawo.

Pali malikisi ena amene ambiri sawadziwa n'komwe. Makampani ochuluka amaika wantchito pa tchati cha mabokosi 9: mbali ina imayeza mmene wagwirira ntchito, ina imayeza ngati angadzathe udindo waukulu. Akatswiri atatu, Alan Benson, Danielle Li ndi Kelly Shue, atafufuza pa kampani ina yaikulu ya masitolo, anapeza kuti akazi ankaposa amuna pa malikisi a ntchito yogwirika koma ankapatsidwa malikisi otsika pa za m'tsogolo, ndipo ichi chinali chifukwa chachikulu chowalepheretsa kukwezedwa. Akazi omwewo pambuyo pake ankagwira bwino ntchito kuposa amuna amene anali nawo m'bokosi limodzi. Malikisi a m'tsogolowa ndi maganizo a munthu chabe, choncho tsankho limalowamo mosavuta. Njira yowakwezera ndi kugwira mbali ya ntchito ya manijala musanapatsidwe udindowo: kutsogolera polojekiti ya anthu atatu mpaka asanu, kuphunzitsa wantchito watsopano, kugwirizira udindo manijala akapita kutchuthi, ndi kukapereka nokha lipoti kwa dairekitala m'malo mongolikonza kuti wina akapereke.

Umboni wa tsamba limodzi

Lachisanu lililonse patulani mphindi 15 zolemba zimene mwachita sabata imeneyo. Pa chilichonse lembani vuto limene linalipo, chimene inu munachita, zotsatira zake m'manambala, ndi munthu amene anaona. Kungoti "ndinathandiza pa nkhani za makasitomala" sikungathandize manijala wanu kutsutsana ndi anzake. Iye akufuna chiganizo ngati ichi: "Ndinasintha kayankhidwe ka madandaulo a makasitomala, nthawi yodikira inatsika kuchoka pa masiku 5 kufika pa masiku 2, ndipo dairekitala wa zamalonda anaona lipoti lake." Kutatsala mwezi kuti mayina aperekedwe, sankhanipo zitatu kapena zinayi zikuluzikulu, muziike pa tsamba limodzi pogwiritsa ntchito mawu omwe ali m'chikalata cha giredi yotsatira, ndipo mumupatse manijala. Nthawi zambiri zimene adzanene m'chipindamo adzazitenga pa tsambalo.

Chenjezo: musatumize mafayilo a kampani ku imelo yanu yapadera kuti musunge umboni. Makampani ambiri amachotsa ntchito pa chifukwa chimenechi. Lembani m'mawu anuanu, popanda mayina a makasitomala kapena zinsinsi za kampani.

Akazi ambiri achilatino analeredwa kuti kudzitchula n'kupanda ulemu, ndiponso kuti ntchito yabwino imaoneka yokha. Pamsonkhano wa mphindi zochepa siioneka. Simuyenera kutaya khalidwe lanu: tchulani zimene gulu linakwanitsa, kenako mbali yanu. "Gulu lathu linamaliza ntchitoyi nthawi isanakwane, ndipo ine ndinakonza bajeti ndi kukambirana ndi ogulitsa katundu." Anzanu mwawalemekeza, ndipo dzina lanu silinasowe.

Mukauzidwa mawu osagwirika monga "simuoneka ngati mtsogoleri," "mumafatsa kwambiri" kapena "mumatentha msanga," musavomere kapena kukana nthawi yomweyo. Funsani kuti: "Mungandiuzeko msonkhano umodzi umene zinachitika, komanso zimene mukanafuna kuti ndichite?" Kafukufuku wa Shelley Correll ndi Caroline Simard wa ku Stanford, wa 2016, anasonyeza kuti ndemanga zimene akazi amalandira zimakhala zosalunjika ndipo sizikhudza kwenikweni zotsatira za bizinesi poyerekeza ndi za amuna. Ndemanga imene ilibe chitsanzo simungaikonze, ndipo manijala wachilungamo akalephera kupereka chitsanzo amaichotsa.

Ntchito zimene sizikweza munthu

Kulemba mfundo za msonkhano, kukonza phwando la ofesi, kulandira alendo, kukhala m'komiti imene aliyense akuithawa: zonsezi n'zofunika pa kampani, koma m'chipinda chogamulira sizitchulidwa. Linda Babcock, Maria Recalde, Lise Vesterlund ndi Laurie Weingart anasonyeza mu 2017 kuti akazi amapemphedwa kawirikawiri kuposa amuna kugwira ntchito zoterezi, ndipo akapemphedwa amavomera kawirikawiri. Mkazi wachilatino amasenzanso katundu wina pamwamba pake. Ndi iye amene amauzidwa kuti "tatimasulireniko kalatayi m'Chisipanishi," ngakhale ntchito yake ndi yowerengera ndalama, ndipo mwina Chisipanishicho sachilankhula n'komwe. Ndi iyenso amene amayang'anidwa ikafika nyengo ya Hispanic Heritage Month, mwezi wokumbukira chikhalidwe cha anthu achilatino, kuyambira pa 15 Sepitembala mpaka pa 15 Okutobala.

Musanavomere, dzifunseni ngati ntchitoyo ili m'chikalata cha giredi yotsatira, komanso ngati wina wolowa m'chipinda chija adzaiona. Ngati yankho ndi ayi ponseponse, musanyamule yoposa imodzi nthawi imodzi. Kukana kouma kumabweretsa mbiri yoti ndinu wovuta, choncho muloleni manijala asankhe yekha: "Ndikatenga iyi, lipoti la mwezi uno lichedwa masiku awiri. Tiyambe iti?" Pa ntchito zobwerezabwereza monga kulemba mfundo, pemphani kuti pakhale ndandanda yosinthana ya gulu lonse.

Chisipanishi chokha musachitaye, chisandutseni bizinesi. Anthu oposa 40 miliyoni ku United States amalankhula chinenerochi kunyumba. Ngati kampani ikufuna chinenero chanu, pemphani kuti dzina lanu lilembedwe pa akaunti ya makasitomala amenewo kapena pa msika wa ku Mexico, kuti ndalama zolowa kumeneko ziziwerengedwa pa inu. Womasulira amangothokozedwa. Woyang'anira msika amakwezedwa.

Magulu a antchito achilatino a mkati mwa kampani ndi othandiza ngati ali ndi bajeti komanso mkulu wa kampani wowayang'anira. Tengani udindo umene umakukumanitsani ndi mkuluyo, mugwire chaka chimodzi, kenako musiyire wina. Musadalire magulu amenewa kapena malamulo okakamiza makampani. Lamulo la California la 2018 lokakamiza makampani kuika akazi m'mabodi oyang'anira makampaniwo linathetsedwa ndi khoti mu 2022, lamulo la msika wa masheya wa Nasdaq lokhudza kusiyanasiyana kwa anthu m'mabodi linathetsedwa mu Disembala 2024, ndipo chiyambire Januwale 2025 makampani ambiri achepetsa kapena kutseka mapulogalamu olimbikitsa kusiyanasiyana kwa anthu pa ntchito.

Mlangizi ndi wokulankhulirani

Mlangizi amalankhula ndi inu. Wokulankhulirani amalankhula za inu kumene kulibe inu, ndipo amaika mbiri yake pachiswe pokutchulani. Mu 2010 Herminia Ibarra, Nancy Carter ndi Christine Silva anafotokoza kuti akazi amakhala ndi alangizi ambiri koma owalankhulira ochepa, ndipo alangizi awo amakhala a maudindo otsika poyerekeza ndi a amuna. Uphungu wokoma wa munthu amene salowa m'chipinda chogamulira sungakupatseni udindo.

Yang'anani munthu amene ali magiredi awiri pamwamba panu, amene mawu ake amamveka pa nkhani yokweza anthu, ndipo anakwezapo ena. Musadikire kuti akhale mkazi kapena wachilatino. Pa maudindo amenewo alipo ochepa, ndipo ochepawo amapemphedwa ndi aliyense. Musayambe ndi kumupempha kuti akulankhulireni, chifukwa palibe angachitire umboni ntchito imene sanaione. Pezani vuto limene likumusowetsa tulo, pemphani kulowa m'polojekiti yake, ndipo mumalize mbali yanu pa nthawi yake. Miyezi itatu iliyonse mutumizireni mizere itatu kapena inayi ya zimene zatheka. Akaona ntchito yanu kawiri kapena katatu, pemphani chinthu chimodzi chodziwika: "Ndikufuna udindo wa manijala chaka chamawa. Dzina langa likatchulidwa, kodi mungafotokoze zimene munaona pa polojekiti ija?" Akazengereza, funsani chimene chikusowa. Yankho lakelo ndi phindu kale.

Muuzeni manijala wanu kuti mukukumana ndi mkuluyo. Akamvera kwa ena amaona ngati mwamudumpha, ndipo iyeyo ndi amene amalemba malikisi anu. Khalaninso ndi okulankhulirani awiri a m'madipatimenti osiyana, chifukwa mmodzi akachoka pa kampani kapena akagwa, anthu ake amagwa naye.

Khalani kumene ndalama zimalowa

Maudindo a HR, zofalitsa nkhani ndi zamalamulo ndi olemekezeka, ndipo akazi ambiri amakankhidwira kumeneko. Koma akuluakulu oyendetsa makampani ambiri amachokera ku maudindo oyang'anira P&L, kumene munthu amayankha pa ndalama zolowa, zotuluka ndi phindu la gawo lake. Geisha Williams, amene anabadwira ku Cuba ndipo mu 2017 anakhala mkazi wachilatino woyamba kutsogolera kampani ya pa mndandanda wa Fortune 500 wa makampani 500 akuluakulu a ku United States, anadutsa njira imeneyi. Anaphunzira uinjiniya, anagwira zaka zoposa 20 ku kampani ya magetsi ya Florida Power & Light, analowa ku kampani ya magetsi ndi gasi ya PG&E mu 2007, ndipo asanakhale mkulu wa kampaniyo ankayang'anira gawo la magetsi.

Yambani pang'ono: katundu wamtundu umodzi, sitolo imodzi, dera limodzi la malonda, kapena bajeti ya polojekiti imene mumasayinira nokha. Kusamukira kumeneko pa giredi yomweyo n'kosavuta musanafike pa udairekitala. Pamwamba pake amafuna amene anachitapo kale. Mukapatsidwa gawo limene likumira, fufuzani musanavomere. Michelle Ryan ndi Alex Haslam a ku University of Exeter anasonyeza mu 2005 kuti akazi amakonda kuikidwa pa maudindo akuluakulu zinthu zitaipa kale. Funsani chimene chinachotsa amene analipo, ngati mudzakhala ndi mphamvu yosintha anthu ndi bajeti, ndi miyezi imene mwapatsidwa kuti zinthu zisinthe. Manambala a tsiku limene mukuyamba alembedwe, kuti vuto lakale lisadzakhale lanu.

Malipiro a udindo watsopano

Ziwerengero za 2023 zinasonyeza kuti akazi achilatino ogwira ntchito tsiku lonse chaka chonse ankalandira pafupifupi masenti 58 pa dola iliyonse imene amuna achizungu omwe si achilatino ankalandira. Kusiyanaku kumakula nthawi yokwezedwa, chifukwa zowonjezera zimawerengedwa pa malipiro akale.

Dziwani malire a malipiro a girediyo musanakambirane. Colorado kuyambira 2021, mzinda wa New York kuyambira Novembala 2022, California ndi Washington kuyambira Januwale 2023 amalamula makampani kulemba malipiro pa zotsatsa ntchito, ndipo ku California wantchito angapemphe malire a malipiro a udindo umene ali nawo. Ngakhale muli kwina, zotsatsa za kampani yanu za m'madera amenewa zikupatsani chithunzi. Funsaninso anzanu, makamaka amuna. Lamulo la National Labor Relations Act la 1935 limateteza antchito ambiri a makampani omwe si aboma akamakambirana za malipiro, koma sililowetsamo oyang'anira anzawo. Ndiye funsani musanakhale manijala.

Werengani zonse: malipiro enieni, peresenti ya bonasi, masheya ndi zaka zimene amatenga kuti akhale anu, komanso zimene kampani imathirako ku thumba lanu la penshoni lotchedwa 401(k). Pali msampha umodzi pa udindo woyambawu. Mamanijala ambiri amaikidwa m'gulu losalandira ndalama za ovataimu. Ngati munkagwira maola ochuluka kuposa 40 pa sabata, phatikizani ovataimu ya chaka chonse chathacho n'kuyerekezera, chifukwa zimatheka kukwezedwa udindo koma ndalama zopita nazo kunyumba n'kutsika.

Kafukufuku wa Hannah Riley Bowles wa ku Harvard ndi anzake anasonyeza kuti anthu amaipidwa ndi akazi okambirana za malipiro kuposa mmene amaipidwira ndi amuna, koma kuipidwako kumachepa pempholo likakhala ndi chifukwa chomveka cha ntchito. Nenani chonchi: "Malire a girediyi ndawaona. Popeza ntchito ya udindowu ndayamba kale kuigwira, ndikupempha pakati pa malirewo. Tingachite bwanji kuti zitheke?" Akati bajeti yatsekedwa, pemphani tsiku lolembedwa loti adzaunikenso pakatha miyezi 6.

Uchembere, tsankho ndi masiku a lamulo

Lamulo la FMLA la 1993 limapereka masabata 12 a tchuthi chosalipidwa cha uchembere, matenda kapena kusamalira wachibale wodwala kwa amene wagwira miyezi 12 ndi maola 1,250 pa kampani ya antchito 50 kapena kuposerapo. Limateteza ntchito yanu, koma silikumbutsa aliyense za inu pa msonkhano wa calibration. Musanapite, perekani tsamba la umboni lija ndipo mufunse amene adzakuimireni. Mukabwerako nenani poyera kuti mukufunabe udindowo komanso maulendo a ntchito, chifukwa mabwana ena amakuchotserani mwayi poganiza kuti akukuchitirani chifundo.

Title VII ya lamulo la Civil Rights Act la 1964 imaletsa makampani a antchito 15 kapena kuposerapo kusala munthu chifukwa cha kukhala mkazi, mtundu kapena dziko limene anachokera. Kalankhulidwe ka Chingelezi kangakhale chifukwa chokanira munthu udindo pokhapokha ngati kakusokonezadi ntchitoyo. Dandaulo ku EEOC, bungwe la boma loona za tsankho pa ntchito, liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180, kapena 300 m'madera amene ali ndi bungwe lawolawo loona za tsankho. Pa nkhani ya malipiro, lamulo la Lilly Ledbetter la 2009 limawerenga masikuwo kuyambira pa malipiro alionse atsankho. Pa kukanidwa udindo, masiku amayamba tsiku limene mwauzidwa, ndipo kudandaula ku HR sikuimitsa kuwerengako. Lembani tsiku, mawu enieni amene ananenedwa ndi amene analipo, ndipo muonane ndi loya wa zantchito musanasayine pepala lililonse lolandirira ndalama zimene kampani imapereka munthu akamachoka pa ntchito, chifukwa mapepala amenewo nthawi zambiri amakuchotserani ufulu wosuma.

Mukadumphidwa

Ulendo woyamba, funsani pasanathe sabata chimene chinasowa ndi amene anatsutsa, ndipo yankho lilembedwe. Ngati chifukwa chake ndi bajeti, funsani ngati dipatimenti ina ili ndi malo. Mukadumphidwanso ulendo wachiwiri mutakwaniritsa zonse zimene zinalembedwa, kapena zofunikazo zikamasinthasintha chaka ndi chaka, yambani kufufuza kunja mukadali pa ntchito. Misonkhano ya mabungwe a akatswiri achilatino monga ALPFA kwa a zachuma ndi akaunti, SHPE kwa mainjiniya, ndi Prospanica kwa a zamabizinesi imakhala ndi makampani odzalemba anthu. Pofunsira ntchito, funsirani giredi imene munakanidwayo, osati imene muli nayo, ndipo tsamba la umboni lija likhale maziko a CV yanu. Musanapereke kalata yosiya, onani tsiku limene bonasi imalipidwa ndi tsiku limene masheya otsatira adzakhale anu. Ngati simungadikire, werengani ndalama zimene mutaye ndipo mupemphe kampani yatsopanoyo kuti ikubwezereni monga bonasi yolowera, zilembedwe m'kalata yokulembani ntchito.